Mkonono Wodukiza Mpweya mu Ukalamba

Ku Muloza, kumene mtsinje ulekanitsa Malawi ndi Milange wa ku Mozambique, anthu ambiri amayesa mkonono chizindikiro cha tulo tabwino ta munthu wolema ndi ntchito ya m'minda ya tiyi. Komatu ulipo mkonono wina, wofala pakati pa okalamba ndi onenepa, umene uli nthenda ndithu, yotchedwa sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kummero imalefuka nitseka njira ya mpweya, kotero kuti kupuma kumaima masekondi 10 kapena kuposapo, kambirimbiri usiku umodzi, kufikira mwiniyo adzidzimuka wotsamwa. M'mawa adzuka mutu ukuwawa, usana awodzera, ndipo pakupita kwa zaka nthendayo ikulitsa kuthamanga kwa magazi nilemetsa mtima.

Chithandizo chake ndi makina a CPAP, amene Colin Sullivan anayambitsa ku Sydney m'chaka cha 1981, opopera mpweya mosalekeza kudzera m'chophimba mphuno kuti mmero usatsekeke. Nzeru yomweyo ndiyo ili m'makina a Pumani, othandiza makanda kupuma pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Masiku oyamba chophimbacho chimasautsa, mphuno zimauma, ndipo kumene magetsi azimazima pafunika batire kapena sola. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti ambiri amazolowera akayamba kuchivala masana kwa kanthawi.

Amene sangapeze makinawo azigona chammbali, achepetse thupi, aleke fodya ndi mowa wamadzulo. Ndipo inu amayi kapena abambo amene mumamva mnzanu akubanika usiku, musamuseke. Mperekezeni kuchipatala cha Mulanje akapimidwe, pakuti wogona sadzimva yekha.