Khutu Lithandiza Diso: Za Ana Osauka Powerenga

M'makomboni a ku migodi muli ana ena amene atate ao awayesa aulesi. Mwana wotere alankhula zanzeru, awerengera ndalama pamsika osaphonya, koma akatsegula buku ataya nthawi yaitali pa liu limodzi, ndipo pofika kotsiriza kwa mzere waiwala kale za poyamba. Bvuto limeneli alicha dyslexia. Dzinali analichukitsa ndi Rudolf Berlin, dotolo wa maso wa ku Stuttgart, m'caka ca 1887. Ndipo mu 1896 dotolo wa ku Mangalande, Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14, wocenjera ndithu, amene kuwerenga kunamkanika. Lero kudziwika kuti cobvuta sicili m'maso ai, koma m'kulumikiza lembo ndi kamvekedwe kace muubongo. Cikoti sicingacotse zimenezi.

M'sukulu mphunzitsi anena kamodzi, ndipo mwana ayenera kumvetsera, alikulembanso za pa bolodi. Anzace atha zonse ziwiri. Iye ataya zonse ziwiri. Apa ndipo phunziro la pa kanema, la m'lamya ya m'manja kapena m'kompyuta, liposa. Mphunzitsi wa m'kanema aimitsidwa pakati pa mau, nabwezedwa m'mbuyo kasanu, osakwiya, ndipo palibe anzace omseka mwanayo. Pa YouTube liwiro la mau licepetsedwa kufika pa 0.75 kapena 0.5. Coonetsera kanema cochedwa VLC, cimene sicigulidwa, cicita comweco ndi kanema wosungidwa kale m'lamya, popanda kulipira intaneti tsiku ndi tsiku. Ici ncacikuru kwa bambo wodikira malipiro a pa mwezi. Maphunziro afupi-afupi, monga a masamu a Khan Academy, bungwe loyamba mu 2008, ndiwo oyenera, pakuti mwana sayamba kutopa.

Palinso mau olembedwa m'munsi mwa cithunzi. Cinyanja cilembedwa pafupi-fupi monga cinenedwa, koma Cingelezi ncaciphamaso: "though" ndi "through" afanana m'maso, koma m'kamwa asiyana kutali. Mwana akaona liu alikulimvanso nthawi yomweyo, lembo ndi kamvekedwe ziyamba kugwirana. Koma mau amene makina alemba okha aphonya kawiri-kawiri. Olembedwa ndi munthu ndiwo okhulupirika.

Makolo asanyengedwe: kupenya cabe si kuphunzira ai. Mwana angakhale cete madzulo onse maso ali pa lamya, osatola kanthu. Kuyenera kuti aimitse kanemayo pang'ono-pang'ono, nafotokozere mai wace kapena mkuru wace zimene wamva, m'cinenero ca kwao. Ndiponso mayeso alembedwa papepala, cotero mwanayo afunabe mphunzitsi woleza mtima womphunzitsa malembo ndi kamvekedwe kace, limodzi-limodzi, masiku onse. Kanema amthandiza kuti asatsalire m'mbuyo pa masamu, sayansi ndi mbiri yakale pamene nchito yaitali imeneyi ilikucitika.