Moŵa ndi Matenda a Shuga

Nkhani yathu ya lero ikukhudza munthu amene anapezeka ndi matenda a shuga, koma akukhala pakati pa abale ndi anansi amene moŵa susoŵa pa miyambo yao. Titenge chitsanzo cha ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, kuja kunatchukitsa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp. Kumeneko, monganso m'madera ena ambiri, pa ukwati, pa chinamwali ndi pa mwambo wa chiliza pamapezeka masese, kachasu, Chibuku ndi moŵa wa m'mabotolo. Tsono chipanda chikazungulira n'kufika m'manja mwa munthu wa shuga, iye achite bwanji?

Funsoli si laling'ono. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009, anapeza kuti pakati pa Amalaŵi a zaka 25 mpaka 64, anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matendaŵa.

Tiyambe ndi ntchito ya chiŵindi. Munthu akadya nsima, mbatata kapena chinangwa, chakudyacho chimasanduka shuga amene amaloŵa m'magazi. Wina thupi limamgwiritsa ntchito nthaŵi yomweyo, wina chiŵindi chimamsunga monga mlimi asungira chimanga m'nkhokwe. Usiku munthu akagona, kapena akakhala nthaŵi yaitali osadya, chiŵindi chimatapa m'nkhokwemo, ndiponso chimapanga shuga watsopano, kuti ubongo usasoŵe chakudya. Koma moŵa ukaloŵa m'thupi, chiŵindi chimatangwanika ndi kuuchotsa, ndipo ntchito yopanga shuga ija imafooka.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Munthu amene amabaya jakisoni wa insulin, kapena amamwa mapiritsi a glibenclamide, mankhwala ake amapitiriza kutsitsa shuga ngakhale chiŵindi chaleka kuonjezera. Choncho shuga amatha kutsika kwambiri, osati pa nthaŵi ya kumwayo pokha, komanso pakati pa usiku kapena m'maŵa mwake, mpaka maola 24 atapita. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga, chizungulire, kulankhula zosamveka, kuyenda dzandidzandi ndi kulusa popanda chifukwa. Omvera, mwaona nokha kuti zizindikirozi n'zofanana ndi za kuledzera. Anzake amangoti, “Mlekeni agone, ukatha m'mutu adzuka.” Koma ubongo ukakhala nthaŵi yaitali wopanda shuga, munthu amakomoka, amagwidwa ngati ndi khunyu, mwinanso sadzukanso.

Tsopano tione mitundu ya moŵa umodziumodzi. Masese ndi Chibuku amafululidwa ndi ufa ndi chimera, ndipo chakudya chambiri chimatsalira momwemo. N'chifukwa chake ena amati moŵa wotere ndi nsima. Kwa munthu wa shuga, mau ameneŵa ndi chenjezo: shuga amayamba wakwera chifukwa cha ufawo, kenaka n'kudzatsika chifukwa cha moŵawo. Ndiponso masese samwedwa pang'ono. Paketi imodzi ya Chibuku ndi lita yathunthu, ndipo pa chipanda chozungulira palibe amene amaŵerenga kuti wamwa wochuluka bwanji.

Kachasu ali ndi msampha wina. Poti ndi wotcheza, shuga amene anathiridwa pofulula satsalamo wambiri, ndiye ena amaganiza kuti kachasu ndiye woyenera wodwala shuga. Maganizo ameneŵa ndi olakwika. Moŵa waukali wopanda chakudya ndiwo umagwetsa shuga kwambiri, makamaka m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Komanso ukali wa kachasu sudziŵika, pakuti woyamba kudontha ndi waukali kuposa wotsiriza, ndipo wa mayi uyu ndi wosiyana ndi wa mayi uyo. Chinthu chimene sitingathe kuchiyeza, sitingathenso kuchiikira malire.

Moŵa wa m'mabotolo, monga Carlsberg amene anayamba kufululidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, uli ndi ubwino umodzi wokha: ukali wake unalembedwa pa botolo, ndipo kaŵirikaŵiri umakhala pafupifupi magawo 5 pa 100. Komabe nawonso uli ndi chakudya chokweza shuga ndi chonenepetsa. Zakumwa zaukali monga jini, burande ndi wisiki zimafika magawo 40 pa 100, ndipo vuto lao limakula munthu akazisakaniza ndi zoziziritsa kukhosi, pakuti botolo limodzi la zakumwa zotsekemerazi limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 7 kapena 8. Vinyo wotsekemera alinso m'gulu lomweli. Tisaiŵalenso thobwa. Ngakhale saledzeretsa, ndi ufa, chimera ndi shuga, motero munthu wothaŵa moŵa n'kumwa makapu atatu a thobwa wathaŵa mvula n'kugwera m'chitsime.

Nanga mlingo wake ndi wotani? Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti wodwala shuga amene amamwa asapitirire mlingo umodzi pa tsiku ngati ndi mayi, kapena iŵiri ngati ndi bambo. Mlingo umodzi ndiwo botolo laling'ono la moŵa, kapena tambula yaing'ono ya vinyo, kapena toti imodzi ya chakumwa chaukali. Milingo imeneyi siisungidwa kuti idzamwedwe yonse pamodzi Loŵeruka. Tidziŵenso kuti m'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization linanena poyera kuti palibe mlingo wa moŵa umene tinganene kuti suononga thupi. Kotero amene samwa asayambe, ndipo amene angathe kusiya wasankha bwino koposa.

Pali ena amene sayenera kulaŵa ndi pang'ono pomwe: mayi woyembekezera, munthu amene shuga wake sanakhazikike kapena amatsika kaŵirikaŵiri, amene mapazi ake amachita dzanzi kapena kutentha, amene ali ndi vuto la chiŵindi, kapamba kapena impso, ndi amene magazi ake amathamanga kwambiri. Amene amamwa mapiritsi a metformin adziŵe kuti kuledzera kungadzetse asidi wambiri m'magazi, vuto losaoneka kaŵirikaŵiri koma lotha kupha.

Amene wasankha kumwa ayambe wafunsa ku chipatala kumene amalandira mankhwala, pakuti safunsa anadya phula. Asamwe asanadye, ndiponso asamwe atangoŵeruka kumunda kapena kupalasa njinga mtunda wautali, poti ntchito yolemetsa nayonso imatsitsa shuga. Asasiye mankhwala n'cholinga choti amwe. Ayende ndi maswiti kapena shuga m'thumba, auze mnzake mmodzi za matenda ake, ndipo adye kanthu asanagone. Ngati ali ndi kamakina koyezera, adziyeze asanagone ndi podzuka. Shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dl, ndiye kuti zaipa.

Kwa inu abale, mukaona munthu wa shuga akuchita ngati woledzera, musamuweruze msanga. Ngati akutha kumeza, mpatseni madzi othira masupuni a tiyi atatu kapena anai a shuga, mubwereze pakapita mphindi 15 ngati sanatsitsimuke, kenaka adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka, musamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali ndi kuthamangira naye ku chipatala chapafupi. Kwa a ku Mikolongwe, kuli chipatala cha St Joseph's ku Nguludi, cha boma ku Chiradzulu, ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mukafika, mau oyamba akhale akuti, “Munthuyu ali ndi shuga.”

Pomaliza, inu eni miyambo, mlendo akakana chipanda musamuyese wamwano kapena wodzikuza. Mpatseni madzi akumwa ndi mbale ya chakudya, akhale nanu pa bwalo mpaka mwambo utatha.