Windows kapena Linux: kompyuta yakale isatayidwe msanga

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Kompyuta imayakabe, koma chitetezo chake ku mavairasi chikunka chifooka.

Nkhaniyi ikukhudza eni makompyuta a kaunjika ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, omwe amalembera alimi makalata ndi kusindikiza zikalata. Ena akuti n'kugula ina basi, poti Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0, komwe makina ambiri akale alibe. Koma kugula kumeneko kudya matumba angati a soya?

Ena akuti kuli bwino Linux Mint: ndi yaulere, siilemetsa makina, ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera. Pamene pamavuta ndi pa printa. Asanafufute Windows, mwini ayese kaye Linux kuchokera pa flash, aone ngati ikusindikiza.