Mfuti za gogodela zisathere pamoto zonse

Ambirife mfuti timaidziwira m'mafilimu ndi pa PUBG, koma kwathu kuno ku Mulanje gogodela ili ndi mbiri yake. Mfuti zothirira wonga kukamwazi zinkabwera ndi malonda a minyanga ndi akapolo kudzera njira ya ku Quelimane, ndipo ankhondo a Matipwiri anazinyamula polimbana ndi atsamunda mu 1895. Ikawonongeka, amisiri osula ankaikonza pachipala, mvukuto uli fuu, mtengo wake n'kusema wina. Luso limenelo, abale, silinali lamasewera.

Sindikunena kuti anthu azisunga mfuti popanda chilolezo, ayi. Koma apolisi akalanda gogodela yakalekale, ine ndikadakonda kuti m'malo moiwotcha aziitumiza kunyumba yosungirako zakale ku Chichiri, tikaone tokha momwe agogo ankalumikizira zitsulozo.