Tiana ta nsomba tikamayandama m'mamawa, vuto ndi madzi

Ngati muli ndi damu la nsomba ku Kachebere, kalioneni dzuwa lisanatuluke. Mukapeza tiana ta makumba kapena chilinguni tili pamwamba, tikungoyasamula, musathamangire kuthira madeya. Si njala imeneyo, tikubanika.

Masana ndere zobiriwira za m'madzi zimapanga mpweya wa okosijeni. Usiku zimaleka, n'kuyamba kulimbirana mpweyawo ndi nsomba, moti m'bandakucha umakhala utachepa kwambiri. Madeya otsala ndi manyowa ochuluka akamaola pansi amamalizanso womwewo, n'kutulutsa amoniya amene amawononga ziwalo zopumira.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Viikani mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikasiya kuoneka madzi asanafike pamenepo, imikani manyowa, chepetsani chakudya, mutulutseko madzi ena n'kulowetsa atsopano.

Koma samalani kumene mukuwatenga. Mu 2020 m'boma la Mchinji munabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, omwe anakhudza mtsinje wa Bua. Amakula nyengo yozizira ndipo amayenda ndi madzi, nsomba zodwala komanso maukonde onyowa. Madzi a pakasupe ndi abwinopo. Ukonde wobwereka muuyanike padzuwa uume kaye, ndipo mukaona nsomba ya zilonda zofiira dziwitsani alangizi a zansomba.

Ife a kuchipatala timaonjezera chimodzi: udzu wa m'mbali mwa damu umasunga nkhono zofalitsa likodzo. Utchetcheni, ndipo ana asamasambiremo kapena kukodzeramo.