Mkonono umene umandiimitsa pa wodi

Ndikakhala pa ntchito ya usiku, pali mkonono wina umene umandiimitsa pakati pa wodi. Umalira mwamphamvu, kenaka kuti zii, ngati munthu watsamwa. Pakapita kanthawi wodwala amadzidzimuka, n'kukoka mpweya mwabefu, n'kuyambanso. Kawirikawiri amakhala munthu wonenepa kwambiri, amene anagonekedwa chifukwa cha BP, shuga kapena mtima. M'fayilo mwake za tulo simulembedwa kanthu.

Ife madokotala timati sleep apnea, kubanika kutulo. Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, ndipo kwa wonenepa mafuta ozungulira khosi ndi lilime amapanikiza njira ya mpweya mpaka kuitseka. Kupuma kukaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo timakuwerenga kamodzi; zikamachitika ka 30 pa ola limodzi ndiye kuti matenda akula. Nthawi iliyonse okosijeni m'magazi amatsika, mtima umathamanga, BP imakwera. N'chifukwa chake ena BP yawo sitsika ngakhale akumwa mankhwala a mitundu itatu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala athu omwe. Morphine amene timapereka pambuyo pa opaleshoni, kapena diazepam woti wodwala apeze tulo, amachedwetsa ubongo kumudzutsa munthu akabanika. Okosijeni payekha satsegula khosi, ndipo kwa ena onenepa kwambiri amabisa vuto pamene mpweya woipa ukuunjikana m'thupi.

Kufufuza koyamba kwa matendawa sikulira ndalama. Pali mafunso asanu ndi atatu otchedwa STOP-Bang, amene Dr Frances Chung ndi anzake a ku Toronto anatulutsa mu 2008: mkonono waukulu, kutopa masana, kuoneka akusiya kupuma, BP, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 50, khosi loposa masentimita 40, ndi kukhala mwamuna. Atatu akavomerezeka, ndimayamba kusamala, ndipo ndimapempha anamwino asiye kachida koyeza okosijeni pachala usiku wonse. Koma funso lachitatu lija wodwala sangaliyankhe, popeza amakhala ali mtulo. Amayankha ndi gadiyani wogona pansi pambali pa bedi, kapena mayi a kunyumba amene akhala akumugwedeza bamboyo usiku kwa zaka zambiri.

Chithandizo chenicheni ndi makina a CPAP, amene Colin Sullivan anayambitsa ku Sydney mu 1981. Amapopera mpweya kudzera m'chovala chapamphuno kuti khosi lisatsekeke. Pamene makinawa palibe, timakweza kumutu kwa bedi, timagoneka wodwala chammbali, timachepetsa mankhwala ogonetsa, ndipo akamatuluka timakambirana zochepetsa thupi ndi kusiya mowa wa madzulo.

Inu amene mukudikirira m'bale wanu kuchipatala, mukamuona akusiya kupuma kutulo musachite manyazi ndi mkononowo. Auzeni anamwino usiku womwewo, asanamupatse mankhwala a ululu.