SHUGA IKAKWELA, MITSEMPHA ICITA DZIMBILI

M'makomboni masiku ano muyenda anthu ogulitsa mabotolo a mapilisi olembedwa kuti "antioxidant". Odwala shuga amene adzilasa nyeleti ya insulini ndiwo akopeka msanga, ndipo ena afika podumphitsa nyeleti pokhulupilila botolo. Kodi liu limeneli litanthauzanji?

Thupi lipeza mphamvu potentha shuga ndi mpweya umene munthu apuma. Monga mbaula yoyaka ithethetsa moto, nchito imeneyi itulutsa tunthu taukali tochedwa ma free radical. Tunthuti tidya khungu la m'kati mwa mitsempha ya magazi monga dzimbili lidyela malata. Thupi lili ndi zozimitsila zake. Zina lipanga lokha, zina monga vitamini C ndi vitamini E zicokela m'zakudya. Zimenezi ndizo ma antioxidant. Mai wofinyila ndimu pa kotapela wodula kuti asade msanga aidziwa kale nchito yao.

Munthu amene kapamba wake analeka kupanga insulini, akaphonya nyeleti shuga iunjikana m'magazi. Mitsempha ing'onoing'ono ya m'maso ndi m'impso, pamodzi ndi mitsempha yomvela ya kumapazi, ilibe njila yotsekela shuga kunja. Ilowa mosefukila, mbaula ija ikolela mopitilila, zozimitsila zicepa. Coipa cake n'cakuti palibe cimene cipweteka poyamba. Bvuto lionekela patapita zaka: maso acita cidima, impso zifooka, mapazi acita dzanzi mpaka munthu kuponda msomali osamva.

Nanga mapilisi aja? M'caka ca 2000 madokotala anaulutsa zotsatila za kafukufuku wochedwa HOPE. Anthu oposa 9,500, mwa iwo odwala shuga oposa 3,600, anagawidwa pawili, ena kumwa vitamini E, ena ai. Patapita zaka zinai ndi theka, matenda a mtima ndi sitiroko sanacepe mwa omwa vitamini. Koma kafukufuku wa DCCT wa ku America ndi Canada, umene unatha mu 1993, unaona anthu 1,441 odalila insulini. Amene anasunga shuga yao pafupi ndi mlingo wabwino, podzilasa katatu kapena kuposa patsiku ndi kupima magazi kawilikawili, anacepetsa ngozi ya matenda a maso ndi 76 peresenti, ya mitsempha yomvela ndi 60 peresenti. Mtengo wake unali wakuti shuga inali kuwatsikila kwambili kawilikawili, n'cifukwa cake mlingo wa insulini usinthidwa ndi a cipatala, osati ndi mnansi.

Zozimitsila za m'zakudya sizifuna botolo. Gwafa aposa lalanje kutali pa vitamini C, ngakhale kuti agwa cabe pabwalo. Cibwabwa, bonongwe, repu ndi matimati zili nazo, malinga ndiwo zisabwatitsidwe mpaka kufiila. Soda wothila m'delele naye aononga vitamini C. Nshawa zosinjila zipatsa vitamini E. Zipatso zotsekemela monga mango zidyedwe pang'ono, cimodzi panthawi, pakuti nazo zikweza shuga.

Fodya ndi mdani wamkulu pa nkhani iyi, pakuti utsi wake uli ndi ma free radical ambilimbili. Saladi wokazingila vitumbuwa mobweleza mpaka kuda nayenso ndi woonongeka kale. Wodwala amene wakwanitsa zaka zisanu pa insulini apemphe kupimidwa maso ndi mkodzo kamodzi caka ciliconse, ngakhale aona bwino.